Mpando Umene Abusa Anaukana

Nyumba imene ndinakuliramo ku Mbedza inali yoti mlendo akalowa ankayamba waima kaye pakhomo, maso uku ndi uku, mpaka kuiwala kupereka moni. Anandilera ndi amayi aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka, omwe anatisiya ine ndisanayambe sukulu. Ndinkangowaitana kuti amayi, ndipo muno ndiwatchula choncho. Amayiwa anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: okushoni. Akangomva kuti ofesi ina ya boma ikugulitsa katundu wakale, kapena kuti mzungu wina akulongedza, ankasiya makina osokera ali pakati pa msoko, nsalu m'chiuno, ulendo. Ndipo sankabwera ndi zinthu zimene anthu ankalimbirana. Ankabwera ndi zija aliyense wazidutsa.

Pabalaza pathu panali kabati yachitsulo yosungira mafayilo. M'dirowa ya pamwamba munkakhala ufa woyera, yachiwiri mgaiwa, yachitatu nyemba, ndipo ya pansi, yomwe loko wake ankagwirabe ntchito, munkakhala shuga, chifukwa amayi ankandidziwa. Pakona panali chokolekapo zipewa cha nyanga zisanu ndi imodzi, koma sindinaonepo chipewa pamenepo. Ife tinkapachikapo mkoko wa nthochi kuti zipse. Panalinso wotchi yaitali kuposa munthu, imene inaleka kuyenda ine ndisanabadwe, ndipo m'mimba mwake amayi ankasungamo maambulera othyoka omwe ankati tsiku lina adzawakonza. Kuseri kwa nyumba kunali bafa yachitsulo ya miyendo inayi, yodzaza manyowa, momwe ankadzalamo anyezi. Ndili mtsikana zinthu zimenezi zinkandichititsa manyazi kwabasi. Kwa anzanga kunali masofa a maluwa ndi disipuleyi ya magalasi, kwathu ngati sitolo ya munthu wozungulira mutu.

Koma mwini nyumba weniweni anali mpando. Unali wa mbawa, wakuda, wolemera koti munthu mmodzi kuusuntha ankayamba wapuma. Unali ndi potsamira mikono, ndipo pokhalira pake pankatseguka ngati bokosi. Mkatimo amayi ankasungamo Baibulo, buku la nyimbo ndi makadi athu a ku tchalitchi. Loweruka lililonse ntchito yanga inali kuupaka polishi mpaka uwale, kenako amayi ankayalapo kansalu koyera koluka okha. Mwana sankayerekeza kukhalapo. Unali wa alendo olemera ulemu: abusa, akulu a mpingo, ankhoswe akabwera ndi nkhani. Amayi eni ake sindinawaonepo atakhalapo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinkangoti ndi kudzichepetsa kwawo.

Nditafunsa kumene unachokera, anandiyankha zimene ankayankha aliyense. Ankati anawapatsa ndi dona wina wokalamba amene ankakhala kumtunda, m'mphepete mwa phiri la Zomba, yemwe ankamusokera makatani ndi madiresi iwo ali mtsikana. Panalibe chokayikitsa. Ku Mbedza konse ankawadziwa kuti ndi telala, ndipo mayunifolomu a theka la amayi a mvano a mpingo wathu anatuluka pa makina awo.

Nditamaliza maphunziro a zojambula kukoleji, ntchito sinapezeke, ndiye ndinayamba kudinda zithunzi pamanja. Makina odindira ndinalibe. Ndinkagula labala ija osoka nsapato amadulapo masole kumsika waukulu, n'kujambulapo ndi choko, kenako n'kusema. Zosemera zinachokera m'mimba mwa wotchi ija. Nthiti ya ambulera ili ndi kangalande, ndipo ukaidula n'kuinola pamwala, n'kuikhomera pa kamtengo, imadya labala bwinobwino. Ukatha kusema umapaka inki, n'kuyalapo pepala, n'kumatikita ndi msana wa supuni pang'onopang'ono mpaka dzanja kuwawa. Ukamatula pepalalo mtima umakhala m'mwamba, pakuti zonse zimatuluka motembenuka, chakumanja kumanzere, ndipo chimene walakwitsa sichibwereranso.

Loweruka ndinkakwera ndi zithunzizo kuphiri. Ndinkayala nsalu yanga m'mbali mwa msewu, pakati pa ogulitsa ziboliboli ndi amayi a masitiroberi, n'kupsinja mapepala ndi timiyala kuopa mphepo. Poyamba ndinkadinda zomwe aliyense amadinda, malambe ndi amayi osenza mitsuko, ndipo alendo ankangozidutsa ngati mmene amadutsira mitengo ya paini. Tsiku lina labala inanditsalira kachidutswa, ndipo posowa chojambula ndinasema chokolekapo zipewa chija ndi nthochi zake. Chinagulidwa ndisanathe n'kuyala komwe. Ndinabwerera kunyumba ndi maso atsopano. Zinthu zomwe ndinkabisira anzanga zija ndinayamba kuzisema chimodzichimodzi, kabati ya ufa, bafa ya anyezi, wotchi ya maambulera.

Amayi anasangalala ngati mwana. Anandipatsa supuni yawo yaikulu ya pa Khirisimasi, yomwe inalinso ya pa okushoni, ati ndiyo ili ndi msana wabwino. Dzanja langa likatopa ankatikita ndi iwo. Ankayanika mapepala pa chingwe cha zovala ndi mapegi, n'kukhala pafupi ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Aneba athu, mayi wamasiye amene ankayenda nawo ku mvano, akasuzumira pa mpanda, amayi ankawaitana.

“Aneba, tabwerani mudzaone. Wotchi yanga ikupita ku Ulaya ine ndili pompano. Munkandiseka inu, si choncho?”

Masiku amenewo tinkagwirizana kuposa nthawi ina iliyonse. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe chimene ndinaseweretsa.

Mpando ndinausema pomalizira, chifukwa ndinkauopa. Unatuluka bwino, ndi kansalu kake koyera komwe. Loweruka limenelo kuphiri kunali nkhungu, ndipo makasitomala anali ochepa. Kunabwera mzungu wina wachikulire, mayi wa ndodo, amene anatola pepala la mpandowo n'kuliyandikitsa kumaso. Kenako anayamba kuseka mpaka anavula magalasi. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndi mpando wanji. Ndinamuuza monyada kuti ndi mpando wa alendo kwathu, ndipo amakhalapo ndi abusa. Apo ndiye anachita kugwira ndodo ndi manja awiri. Atapezako mpweya anandifotokozera kuti kwawo mipando yotere inali ya odwala ndi okalamba osatha kuyenda. Pansi pa chivundikiro pamakhala bowo, ndipo pansi pa bowolo amalowetsapo chidebe. Mwachidule, chinali chimbudzi cha m'chipinda.

Ndinaseka naye. Sindinganame kuti zinandipweteka, ayi, ndinaseka mpaka misozi, ndipo potsika phiri ndinkasekabe ndekha pa njinga yamoto, woyendetsa n'kumacheuka.

Nditafika amayi anali ku kwaya. Ndinatsegula chivundikiro, n'kutulutsa Baibulo ndi makadi aja. Pansi panali kathabwa kozungulira, ka mtengo wina osati mbawa, kokhomedwa ndi timisomali tinayi n'kupakidwa vanishi kuti kafanane ndi kwinako. Nditagwada n'kusuzumira kunsi ndinaona timitengo tiwiri tolowetsapo chidebe. Munthu wa nzeru akanadzifunsa kuti kodi anakhoma kathabwaka ndani, nanga ankabisa chiyani. Ine ndinaona misomaliyo ndi maso angawa, koma m'mutu munali mutadzaza kale chithunzi chimene ndinkafuna kusema. Safunsa anadya phula.

Ndinasema abusa athu. Sindinalembe dzina, koma panalibe chifukwa cholembera, pakuti makutu awo anali odziwika tawuni yonse, komanso magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ndinawakhazika pa mpando uja, kolala pakhosi, kapu ya tiyi m'manja, nkhope ya munthu amene ali pakati pa kulingalira za kumwamba. Kunsi kwa mpando ndinasema chidebe. Kumbali ndinaika mayi wogwada ndi thireyi, duku kumutu, ndipo ngakhale anali chofulatira, aliyense wodziwa amayi akanawazindikira ndi mapewa okha.

Chithunzi chimenechi sindinachidindire kunyumba. Ndinanyamula labala ndi inki kupita ku Chikanda, kuchipinda cha mnzanga wa kukoleji, n'kuyanika mapepala pansi pa bedi lake. Ndikafuna kudzinamiza kuti sindinkadziwa kuti ndikulakwa, ndimakumbukira ulendo wa ku Chikanda umenewo. Munthu wosalakwa sanyamula ntchito yake mu jumbo yakuda kudutsa tawuni yonse. Supuni yokha ndinatenga ya amayi yomwe ija.

Chinayenda malonda kuposa zonse zimene ndinasemapo. Ndipo sindinkagulitsa pepala lokha, ndinkaperekanso nkhani ya ulere. Ndinkaifotokoza m'Chingerezi changa cha kukoleji, n'kumasintha mawu, n'kumaonetsa mmene amayi amayalira kansalu ndi mmene abusa amakhalira pang'onopang'ono atakoka buluku m'maondo. Pothera pake ndinkati, “Ndipo mayi anga mpaka lero sadziwa!” Alendo ankaseka, ine n'kumadzimva kuti ndine wotsogola, wobadwira mwangozi m'nyumba ya anthu osadziwa zinthu. Ndinkaganiza kuti phiri ndi lalitali, zonenedwa pamwamba sizitsika. Ndinaiwala kuti amayi a masitiroberi aja ali ndi makutu, Chingerezi amachimva, ndipo madzulo amatsika phiri lomwelo. Wina anajambula chithunzicho pa foni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mapemphero a mlaga wathu, kagulu ka akhristu a mpingo wathu okhala dera limodzi, amazungulira m'makomo Lachitatu masana, ndipo patapita masabata angapo linafika tsiku la kwathu. Kunamvekanso kuti abusa adzakhala nafe. Amayi anayamba kukonzekera Lolemba. Anaphika chigumu ndi mandasi, anabwereka mabenchi awiri, anachapa kansalu koyera kaja n'kukasita. Mpando ndinaupaka polishi ndine.

Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Anabwera ngakhale ena amene mlaga wawo ndi wa ku Zakazaka, ndi atsikana omwe sindinawaonepo pa mapemphero a masana. Amayi anandinong'oneza kuti ndiwonjezere madzi a tiyi, nkhope ili ngwee, ati Mulungu wagwira anthu. Ine ndinaona mmene aliyense polowa ankaponyera diso pa mpando n'kuyang'ana kumbali msangamsanga.

Abusa atalowa, amayi anagwada n'kuloza ndi manja awiri.

“Abusa, mpando uwo.”

Abusa anayang'ana mpandowo, anayang'ana anthu, kenako anakonza magalasi awo.

“Zikomo mayi. Lero ndikhala pabenchi pompano ndi anzangawa.”

“Iyayi abusa, pabenchi pathina. Khalani pamalo panu.”

“Musavutike mayi, pano pali bwino.”

Amayi anapempha kachitatu, akumwetulira, poganiza kuti ndi ulemu chabe. Abusa anali atakhala kale, mawondo pafupi ndi chibwano pa kabenchi kafupi. Ndiye amayi anatembenukira kwa mkulu wa mpingo, bambo amene anakhalapo pa mpandowo kosawerengeka. Iye anati msana ukumuvuta, akufuna pouma. Kumbuyo mtsikana wina anatsamwa, n'kubisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Mnzake anatuluka panja mothamanga.

Mpando unakhala wopanda munthu pakati pa chipinda chodzaza, pamene ena anakhala pansi ndipo ena anaima pakhomo. Amayi anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi. Sanamvetse, koma anadziwa kuti pali chimene aliyense akudziwa kupatula iwo. Anayambitsa nyimbo okha, n'kuimba ndime zonse osadumpha, mawu osanjenjemera. Ine ndinali pakhomo la kukhitchini ndi ketulo m'manja, kulakalaka nthaka itang'ambika. Ndikanatha kuimirira n'kunena kuti wolakwa ndine. Sindinatero. Ndinathira tiyi.

Anthu atabalalika, aneba aja anatengera amayi kuseri, pafupi ndi bafa ya anyezi. Ndinawaona pawindo akutulutsa foni m'kansalu. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali, akuitalikitsa ndi kuiyandikitsa chifukwa magalasi anawasiya m'nyumba. Kenako anabweza foniyo, n'kuwerama kuzula udzu umodzi m'bafamo.

Analowa ine ndikutsuka makapu. Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa.

“Pukuta m'manja ubwere kuno.”

Ndinakhala pansi. Iwo anakhala pabenchi pomwe panali abusa.

“Wajambula ndiwe?”

“Eya amayi. Koma zinali zongoseka, sindimaganiza kuti...”

“Ndamva kuti umawauza azungu ako kuti mayi ako sadziwa.”

Sanadikire kuti ndiyankhe.

“Sindidziwa ine? Chidebe cha mpando umenewu ankataya ndani? Ukuganiza kuti chinkayenda chokha?”

Anayankhula mawu angapo m'Chilomwe, chimene ankachiyankhula pokhapokha mtima ukawawa, ndipo ine sindichimva. Kenako anabwerera ku Chichewa n'kundiuza zimene sanauzepo munthu. Bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, ndipo ntchito imene anaipeza mu Zomba inali yonyamula zidebe za m'zimbudzi za m'nyumba za boma. Ndi ntchito imene eni dera ankaikana. Amayi ali kusukulu anzawo ankagwira mphuno iwo akamadutsa, ndipo anasiyira sukulu pomwepo. Analumbira kuti dzina loti a zidebe lidzathera pa bambo awo. Koma atakula, njala itavuta, ntchito yokha imene inapezeka inali kwa dona uja. Makatani anasokadi kamodzi. Ntchito yeniyeni inali kumunyamula dona pabedi, kumukhazika pa mpando, kumupukuta, ndi kukataya. Anagwira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pa ndalama zake ndi pomwe anagula makina osokera.

“Atamwalira, ana ake anabwera kudzatenga katundu. Anatenga zonse, mpaka masupuni. Mpandowu anati tenga, ife tiutani. Ndinausenza pamutu kuchokera kumtunda kuja mpaka kuno. Ndinautsuka ndi madzi otentha ndi phulusa masiku atatu. Kathabwa kaja ndinakhoma ndekha, sindinafune kalipentala aone.”

“Nanga bwanji simunangoutaya, amayi?”

“Ndiutaye chifukwa chiyani? Ndi mbawa imeneyi. Mtengo unalakwa chiyani? Zaka zisanu ndi ziwiri ndinatuluka ndi chinthu chimodzi, ndiye ndikachiponye kudzala? Ndinati ndiusandutsa mpando, ndipo unasanduka mpando. Zaka zonsezi unali mpando, mpaka iwe unapita kusukulu.”

Ndinalira, ndinagwada, ndinagwira mapazi awo. Ndinati labalayo ndikaiwotcha lero lomwe, ndi mapepala onse otsala.

“Wotcha. Nanga za m'mafoni a anthu ukawotchera kuti?”

Ankanena zoona, ndipo choipa chenicheni chinali chisanafike. Nthabwala ya abusa ndi chidebe ikanatha yokha pakapita mwezi. Koma mumpingo munali nkhalamba zokumbukira. Wina amene kale ankalima maluwa m'nyumba za kumtunda anati dona ameneyo akumukumbuka, sankayenda, ndipo panali mtsikana amene ankamusamala. Wina anakumbukira ntchito ya agogo. Nkhani ziwirizi zinakumana, ndipo dzina lija amayi analikwirira ali mtsikana linafukuka iwo ali ndi imvi. Palibe amene anawanena pamaso. Koma tsiku lina pochokera kuchigayo ndinamva mayi wina akulozera mnzake nyumba yathu kuti, “Ndi apo, kwa a zidebe.” Ndinaima kuti ndimutukwane, mawu anali atafika kale pakamwa, koma ndinakumbukira amene anamupatsa mawuwo. Ndinapitirira ndi thumba langa la ufa.

Amayi sanajombe ku tchalitchi ngakhale Lamulungu limodzi. Ankavala yunifolomu yawo yosita bwino n'kukhala pamalo pawo pa masiku onse. Koma mpando anaukokera kuchipinda kwawo okha, osandipempha kuti ndiwathandize, ndipo Baibulo analisamutsira m'dirowa ya nyemba. Abusa anabwera patapita sabata, okha, opanda akulu a mpingo. Anali munthu wabwino. Anati za makutu sanakwiye, makutuwo ndi awodi, koma anadzapepesa chifukwa anachita mantha ndi kuseka kwa anthu n'kuchititsa manyazi mayi amene anawalandira zaka zonse. Anapempha kuti awatulutsire mpando uja akhalepo. Amayi anawathokoza mwaulemu, n'kunena kuti mpandowo unathyoka mwendo. Anawapatsa benchi.

Ine sanandithamangitse. Tinkadya limodzi, tinkayankhulana za mtengo wa makala ndi za odwala a mumpingo. Ndinapitiriza kudinda, poti ndiyo inali ntchito yanga, koma ndinabwerera ku malambe ndi mitsuko. Ndikayanika mapepala, nkhuku ndinkaingitsa ndekha. Ndikalowa m'chipinda momwe iwo akusoka, ankasiya kung'ung'udza nyimbo. Ndinkadziuza kuti nthawi ikonza, ndipo zaka ziwiri zinadutsa choncho.

Kenako anadwala sitiroko. Anagwa m'mawa wina akuthirira anyezi, ndipo atatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinali zosagwira, pakamwa patapotoka pang'ono, ngakhale mawu ankamveka. Chimbudzi chathu chili panja, kumunsi kwa kachitunda, ndipo nthawi ya mvula ngakhale wa miyendo iwiri amatsetsereka. Tsiku lomwe tinafika kunyumba anandiitana kuchipinda.

“Katenge pulayala m'dirowa ya makina. Uzule misomali ija.”

Ndinagwada pa mpando uja n'kuzula timisomali tinayi. Timisomalito tinali titachita dzimbiri, ndipo kamodzi kanaduka mutu mpaka ndinachita kukolowola ndi nthiti ya ambulera. Kathabwa kanachoka. Ndinapita kumsika kukagula chidebe chatsopano cha chivundikiro, n'kuyeza ndi chingwe kuti chilowe pa timitengo tija. Ndiulule kuti pobwerera mtima wanga unali wopepuka, zomwe zilinso zochititsa manyazi mwa izo zokha. Ndinkati mpata wanga wafika. Ndidzawanyamula, ndidzawapukuta, ndidzataya, tsiku ndi tsiku osakwinya nkhope, ndipo adzaona kuti mwana amene analera si wa pakamwa pokha. Ngakhale matenda awo ndinali nditawasandutsa kale sopo wochapira mlandu wanga.

Chakumasana ndinamva akuitana. Ndinathamanga, manja ndikupukutira pa chitenje.

“Ndabwera amayi. Gwirani khosi langa ndi dzanja labwinolo.”

“Kaitane aneba.”

“Aneba atani? Ine ndilipo, amayi. Ndi ntchito yanga imeneyi.”

“Ndati kaitane aneba.”

“Aneba ndi achikulire, msana wawo mukuudziwa. Sangakunyamuleni. Chonde amayi, ndiloleni.”

Anandiyang'ana ndi diso lawo lakumanja, limene matenda sanalikhudze. Munalibe mkwiyo, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anayankhula pang'onopang'ono kuti mawu atuluke bwino pakamwa popotokapo.

“Iwe ayi, mwananga. Dona uja ndinamuona zonse zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe munthu anamva kwa ine kuti thupi lake linali lotani. Iwe maso ako sasunga. Zimene waona umakaonetsa anthu.”

Ndinapita kukaitana aneba. Anabwera akutsimphina, osafunsa kanthu, n'kutseka chitseko. Ndinaima pakhonde kumvetsera mayi wa msana wovuta akulimbana ndi kunyamula mnzake, bedi likulira, onse awiri akupuma mwa befu, ine wa mphamvu zanga manja ali lende.

Amayi anakhala miyezi isanu ndi inayi asanatisiye. Ankalola kuti ndiwaphikire phala ndi kuwamwetsa, ndiwachapire, ndiwapese tsitsi, ndiwawerengere Masalimo. Masiku ena tinkaseka ndithu. Aneba akadwala kunkabwera amayi ena a mvano mosinthana, ena mwa iwo omwe aja anaseka pa tsiku la mlaga, ndipo onsewo ankaloledwa kulowa. Ndinapemphanso kawiri, kenako ndinaleka, chifukwa ndinaona kuti kupempha kwanga kunkawatopetsa. Nthawi ikakwana ankangoti, “Tatuluka kaye,” ine n'kutuluka.

Tsiku loyamba lija chitseko chitatseguka, aneba anatuluka ndi chidebe atachiphimba ndi kansalu. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwalandire, poti kutaya kokha sikufuna kuona munthu. Iwo anachikokera kumbali.

“Anena kuti ngakhale ichi ayi. Tapatuka mwanawe, ndidutse.”

Ndinapatuka, iwo n'kutsika kachitunda kaja pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira m'chiuno.